Kukonza mawu m'chipinda choonera mafilimu kunyumba, aneba n'kumagona tulo

Ine ndinayamba ndi siponji. Ndinagula katoni yathunthu ya siponji yakuda ija yokhala ndi timapiri, n'kuimata pakhoma lonse lomwe limatilekanitsa ndi aneba. Madzulo ake ndinaika filimu ya nkhondo mtima uli m'malo. M'mawa tikupatsana moni, aneba anandifunsa akumwetulira kuti, "Nanga nkhondo ya usiku ija anapambana ndani?" Anamva zonse, makamaka mabomba. Siponji ija sinatchinge kalikonse.

Ndinasokoneza ntchito ziwiri zosiyana. Ina ndi yokonza kamvekedwe ka mawu m'kati mwa chipinda, kuti olankhula mufilimu azimveka bwinobwino komanso besi isamangoti guu ngati mwalowetsa mutu mumgolo. Inayo ndi yotchinga mawu kuti asatuluke kapena kulowa. Yoyamba imafuna zinthu zofewa zoyamwa mawu. Yachiwiri imafuna zinthu zolemera, kutseka mipata, ndi kulekanitsa zomangira kuti zisapatsirane kunjenjemera. Chofewa sichitchinga, cholemera sichiyamwa.

Masitepe ali m'munsiwa ayambira pa zosafuna ndalama, ndipo atsatireni mmene alilimu. Kugula masipika atsopano simukupeza paliponse pamndandandawu, ndipo ndachita dala.

1. Yambani mwamvetsera chipindacho

Zimitsani TV, ampulifaya ndi zina zonse, mukhale pampando womwe mumaonerapo mafilimu kwa mphindi ziwiri kapena zitatu osalankhula. Poyamba mudzaona ngati kuli zii. Makutu akazolowera mudzayamba kumva firiji kuseri kwa khoma, fani, magalimoto pamsewu, mwinanso madzi m'mapaipi. Lembani zonse. Kaphokoso kotere ndi kamene kamameza manong'onong'o a mufilimu, inu n'kukweza voliyumu, bomba likadzaphulika nyumba yonse n'kudzuka.

Kenako imirirani muombe m'manja kamodzi mwamphamvu. Mawu akatha pompo, muli ndi mwayi. Akatsala akulira ngati kachitsulo, ndiye kuti akugunda khoma ili n'kubwerera ku linalo, uku ndi uku, chifukwa makoma awiri osalala ayang'anizana popanda chowasokoneza. Yendayendani mukuomba, muike chizindikiro pomwe kulirako kwanyanya.

Chachitatu, tengani tepi muyeze m'litali, m'lifupi, ndi kuchoka pansi kufika kusiling'i. Manambala amenewa ndi amene amalamulira besi yanu. Mawu amayenda ngati mafunde, pa liwiro la mamita pafupifupi 343 pa sekondi, ndipo timawayeza mu Hz: nambala yaing'ono ndi besi, yaikulu ndi mawu okwera. Funde la 1,000 Hz ndi lalifupi, masentimita 34 okha. La 50 Hz limatsala pang'ono kukwana mamita 7, kuposa zipinda zambiri. Funde lalitali chonchi likamagunda makoma limakumana ndi lokha pobwerera, pena n'kuwonjezerana mphamvu, pena n'kufafanizana.

N'chifukwa chake chipinda chilichonse chili ndi manotsi a besi omwe chimawakondera, monga botolo limakhalira ndi liwu lake mukaliuzira pakamwa. Powapeza, chulukitsani m'litali kawiri, kenako mugawe 343 ndi yankholo. Chipinda cha mamita 5 m'litali chimakondera 34 Hz. Mamita 4 m'lifupi amapereka 43 Hz, ndipo siling'i ya mamita 2.7 imapereka pafupifupi 64 Hz. Manotsi amenewa amaunjikana m'mbali mwa makoma ndi m'ngodya, koma pakati penipeni amasowa. Chipinda chofanana m'litali ndi m'lifupi n'chovuta kwambiri, chifukwa notsi imodzimodziyo imakokomezedwa kawiri.

2. Sunthani mpando

Malo oipitsitsa alipo awiri. Oyamba ndi pakati penipeni pa m'litali mwa chipinda, pomwe besi yotsikitsitsa imafafanizika. Mungagule subwoofer (sipika yotulutsa besi yokha) yaikulu bwanji, pamenepo simudzaimva. Achiwiri ndi sofa yotsamira khoma lakumbuyo, pomwe besi imachuluka mpaka kukwirira mawu a anthu.

Okonza masitudiyo ambiri amayambira pa 38 peresenti ya m'litali mwa chipinda. M'chipinda cha mamita 5, mutu wanu ukhale mamita pafupifupi 1.9 kuchokera kukhoma lakumbuyo. Si lamulo, ndi poyambira chabe: sunthirani kutsogolo kapena kumbuyo pang'ono mukumvetsera. Ngati chipinda n'chothina, ngakhale kukoka sofa ndi theka la mita kumasintha zinthu. Kumanzere ndi kumanja khalani pakati, kuti makutu onse awiri azilandira mofanana.

3. Ikani masipika m'malo mwake

Sipika yakumanzere, yakumanja ndi mutu wanu zipange makona atatu ofanana. Ngati mwakhala mamita 3 kuchokera pa sipika iliyonse, masipikawo atalikiranenso mamita 3. Muyezo wa ITU-R BS.775, womwe osakaniza mawu a 5.1 (masipika asanu ndi subwoofer imodzi) amatsatira, umanena zomwezi: madigiri 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa sikirini. Kasipika kakang'ono kapamwamba kaja, kotulutsa mawu okwera, kalingane ndi makutu anu mutakhala pansi. Potolozerani masipikawo pang'ono kwa inu, ndipo musawagunditse kukhoma, makamaka ngati ali ndi bowo kumbuyo.

Sipika yapakati ndiyo imazunzidwa kwambiri m'nyumba zambiri, chonsecho ndi imene imanyamula pafupifupi zolankhula zonse. Anthu amaikankhira m'kati mwa kabati, kumbuyo kwenikweni kwa shelufu, pafupi ndi mawondo, kenako n'kumadandaula kuti mafilimu a masiku ano samveka. Itulutseni. Nkhope yake ilingane ndi mlomo wa shelufu kapena itulukire pang'ono, ndipo ngati ili m'munsi mwa sikirini, ikani kalabala kunsi kwake kutsogolo kuti iloze kumakutu. Ngati pakati pa inu ndi sipikayi pali tebulo lagalasi, lichotseni kwa usiku umodzi mumve kusiyana kwake. Mwina simudzalibwezeranso.

Masipika am'mbali akhale pa madigiri pafupifupi 110, kutanthauza kumbuyo pang'ono kwa mapewa anu, ndipo akwere pang'ono kuposa makutu.

Musanachoke pamenepo, onani mawaya. Wofiira apite pofiira, wakuda pakuda, kuampulifaya ndi kusipika komwe. Waya mmodzi akatembenuka, sipika ina imakankha mpweya pamene inzake ikukoka, besi n'kuchepa ndipo mawu amamveka ngati alibe pokhala.

4. Kwawani kufunafuna malo a subwoofer

Apa mudzaoneka ngati mwasokonezeka mutu, choncho tsekani chitseko.

Nyamulani subwoofer muikhazike pampando wanu, cha pomwe pamakhala mutu. Ikani nyimbo yomwe gitala ya besi imayenda manotsi ambiri, kukwera ndi kutsika, izingobwereza. Ndiye gwadani muyambe kukwawa m'mbali mwa makoma, mutu uli pafupi ndi pansi, m'malo onse momwe subwoofer ingathe kukhala. Pena mudzamva notsi imodzi ikuti guu kumeza anzake. Pena besi idzasoweratu. Musafune pomwe ikumveka mokweza. Funani pomwe manotsi onse akumveka mofanana, iliyonse payokha. Matanipo katepi, mupitirize kukwawa mpaka mupeze malo awiri kapena atatu, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako ikani subwoofer pa malo opambanawo, inu mubwerere pampando.

Njirayi imagwira ntchito chifukwa ulendo wa mawu ndi umodzimodzi kupita ndi kubwera: mukasinthanitsa malo a sipika ndi a khutu, chipinda chimachita zofanana.

M'ngodya subwoofer imamveka mokweza kuposa pena paliponse, koma imadzutsa manotsi onse omwe chipinda chimakondera. Pena zimayenda, kawirikawiri zimangobuula. Ngati mumaonera anthu angapo ndipo wina amamva besi yambiri wina osaimva, masubwoofer awiri apakatikati amaposa imodzi yaikulu, makamaka ina ikaikidwa pakatikati pa khoma ili, inayo pakatikati pa khoma loyang'anizana nalo. Ndipo ngati pansi panu ndi pamatabwa kapena muli m'nyumba yosanja, ikani labala wokhuthala kunsi kwake kuti kunjenjemera kusalowe m'nyumba yonse.

5. Lowani m'makonzedwe a ampulifaya

Pezani pomwe pamafunsa kukula kwa masipika, muike onse pa Small, ngakhale akhale aatali kufika m'chiuno. Mawuwa sakunyoza masipika anu, akungouza ampulifaya kuti besi yotsika ipite kusubwoofer, yomwe mwaivutikira kuipezera malo. Malire ake, omwe amalembedwa kuti crossover, ayambire pa 80 Hz, nambala yomwe THX, kampani yoika miyezo ya mawu a mafilimu, inakhazikitsa ngati muyezo wake. Timasipika ting'onoting'ono timafuna 100 kapena 120 Hz. Kabatani ka crossover ka kumbuyo kwa subwoofer kapotozeni mpaka pa nambala yaikulu kwambiri, kuti besi isadulidwe kawiri.

Kenako lembani mtunda wa sipika iliyonse kuchokera pamutu panu, woyeza ndi tepi osati ndi maso. Masentimita 34 alionse amachedwetsa mawu ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo ampulifaya imagwiritsa ntchito manambalawa kuti mawu onse afike limodzi. Mukatero yatsani kaphokoso koyesera kaja, kamene kamamveka ngati mvula, musinthe sipika iliyonse mpaka zonse zifanane. Muyezo wake ndi 75 dB pampando (dB ndi muyezo wa kukula kwa phokoso). Pulogalamu ya pafoni yoyezera phokoso singakhale yolondola ndendende, koma pofananitsa sipika ndi inzake imakwanira.

Maampulifaya ambiri amabwera ndi kamaikolofoni koti adziyeze okha: Audyssey pa Denon ndi Marantz, YPAO pa Yamaha, MCACC pa Pioneer, ena Dirac Live. Kagwiritseni ntchito, koma musakagwire m'manja kapena kukaika pamsana pa sofa. Kaimikeni pa kathandala ka kamera kapena china chopyapyala, pomwe pamakhala makutu, kataloza kusiling'i, m'nyumba muli chete. Akamaliza kudziyeza onaninso zomwe asankha, chifukwa amakonda kubwezera masipika pa Large.

Dziwani malire a makinawa. Notsi yomwe yachulukitsa amatha kuitsitsa. Koma yomwe yafafanizika chifukwa cha malo omwe mwakhala sangaibweze: akawonjezera mphamvu, funde lobwerera nalo limawonjezera, n'kufafanizanabe. Pamenepo mankhwala ndi kusuntha mpando kapena subwoofer basi. Amene mukufuna kuona zimenezi ndi maso, pulogalamu ya REW ndi yaulere pakompyuta, ndipo imagwira bwino ndi maikolofoni yoyezera ngati UMIK-1.

6. Thamangitsani phokoso la zipangizo zanu zomwe

Tengani pepala lija munalemba poyamba, muwonjezerepo zomwe zimamveka zipangizo zikayaka.

Ngati masipika kapena subwoofer ikung'ung'udza mosalekeza kuti mmmm ngakhale palibe chikuseweredwa, ndi magetsi amene mukumvawo, pa 50 kapena 60 Hz malinga ndi dziko. Kawirikawiri zimachitika zipangizo zolumikizana zikakhala ndi njira ziwiri zosiyana zopitira ku waya wa earth. Zulani mawaya olowa muampulifaya mmodzimmodzi mpaka kung'ung'udzako kuleke, ndipo womalizayo ndiye mwini mlandu. Nthawi zambiri amakhala waya wa mlongoti kapena wa dishi, ndipo pali kachipangizo kakang'ono kotchedwa ground loop isolator koika pa waya ameneyo. Yesaninso kulumikiza zipangizo zonse pa soketi imodzi, bola osailemetsa kupyola mphamvu yake. Mawaya a mawu asagone limodzi ndi a magetsi, ndipo pomwe akumana adutsane mopingasa.

Wina adzakuuzani kuti muthyole kamwendo ka earth papulagi. Phokoso lidzathadi, koma tsiku lomwe china chidzalakwika m'kati mwa chipangizocho, magetsi adzadutsa mwa amene wachigwira. Musayerekeze.

Pulojekita ikamafuula, ipukuteni sefa ya fumbi ndipo muike nyali yake pa Eco. Chithunzi chimazilala pang'ono, fani n'kutsika. Kuitsekera m'bokosi lopanda polowera ndi potulukira mpweya n'kuiphika.

Chotsala ndi zogwedera. Pezani pa intaneti kamawu koyesera komwe kamakwera pang'onopang'ono kuchoka pa 20 kufika pa 200 Hz, mukaseweretse mokweza ndithu, inu muziyenda m'chipinda. Mudzadabwa. Kwathu chomwe ndinkayesa kuti ndi subwoofer yong'ambika chinali chithunzi cha pakhoma, chomwe felemu yake inkagunda pulasitala pa notsi imodzi yokha. Timalabala tiwiri kuseri kwake, nkhani inathera pomwepo. Zitseko za kabati, magalasi a nyali ndi a mazenera nazo zimatero.

7. Tsopano bweretsani zofewa

Mu 1895 yunivesite ya Harvard inapatsa Wallace Sabine, mphunzitsi wachinyamata wa sayansi, ntchito yokonza holo ya ku Fogg Art Museum momwe mawu ankatsala akulira masekondi oposa 5, moti ophunzira sankamva zomwe akuphunzitsidwa. Iye ankagwira ntchito usiku kukakhala bata, ndi chitoliro cha limba ndi wotchi, akututa makushoni a mipando kuchokera ku Sanders Theatre, holo ina ya payunivesitepo, n'kumayeza mmene kulirako kukuchepera. Anapeza samu yomwe ikugwirabe ntchito mpaka lero: nthawi yomwe mawu amatenga kuti azilale imalingana ndi 0.161 kuchulukitsa ndi kukula kwa chipinda (m'litali kuchulukitsa ndi m'lifupi ndi msinkhu), kugawa ndi kuchuluka kwa zoyamwa mawu.

Chipinda choonera mafilimu chimamveka bwino nthawiyi ikakhala cha m'ma 0.3 a sekondi. Tengani chathu chija cha mamita 5, 4 ndi 2.7. Samu ya Sabine ikuti pafunika zoyamwa zokwana masikweyamita pafupifupi 29, pomwe makoma, pansi ndi siling'i zonse pamodzi ndi pafupifupi 89. Musachite mantha, kapeti, sofa, makatani ndi anthu omwe akuonera zimawerengedwa momwemo. Chomwe nambalayi ikuonetsa n'chakuti timasiponji tinayi sitikwanira, komanso kukuta chipinda chonse n'kupyola muyezo.

Yambani ndi pansi. Ngati ndi pasimenti kapena pamatailosi, yalani kapeti yokhuthala pakati pa masipika ndi mpando. Pazenera ikani makatani olemera, otambalala kuwirikiza kawiri zeneralo kuti azikhala ndi mapindo.

Kenako pezani pomwe mawu amayamba kugunda khoma asanafike kwa inu. Mutu umodzi susenza denga, itanani mnzanu. Inu khalani pampando, iye atenge kalilole aziyendetsa pakhoma lam'mbali molingana ndi makutu anu. Paliponse pomwe mwaona sipika m'kalilolemo, aikepo katepi. Chitani mbali zonse ziwiri, ndipo ngati makwerero alipo, kusiling'inso. Mawu ogunda malo amenewa amafika mochedwa pang'ono kwambiri kuposa ochokera kusipika, ndipo ndi amene amasokoneza zolankhula. Mapanelo anu oyamba oyamwa mawu apite pamenepo.

Kukhuthala ndiye nkhani yonse. Chinthu chofewa chimayamwa bwino kwambiri kukhuthala kwake kukayandikira gawo limodzi mwa magawo anayi a funde. Siponji ya masentimita 2.5 imagwira bwino mawu a cha m'ma 3,400 Hz kupita m'mwamba. Pa 100 Hz gawo limenelo ndi masentimita 86. Mukamata siponji yopyapyala ponseponse mumachotsa kuwala kwa mawu n'kusiya besi yonse ikubuula, chipinda n'kumveka ngati mwafunda bulangete kumutu. Matileyi a mazira ndiye osawatchula n'komwe.

Panelo yabwino mutha kupanga nokha. Khomani felemu ya matabwa ya masentimita 60 m'lifupi, 120 m'litali ndi 10 kukhuthala. Ikanimo rockwool kapena fibreglass (zinthu zonga thonje zopangidwa ndi mwala kapena galasi), yolimba ija yogulitsidwa m'mabolodi. Valani magolovesi, masiki ndi malaya amikono yaitali, chifukwa imayabwa. Kutani ndi nsalu, kutsogolo ndi kumbuyo. Poyesa nsaluyo iikeni pakamwa muuzire: mpweya ukadutsa mosavuta, mawu nawo adutsa. Popachika siyani mpata wa masentimita 5 mpaka 10 pakati pa panelo ndi khoma. Mpata umenewu ndi waulere, koma umathandiza panelo kufikira mawu otsikirapo.

Za besi, ikani mapanelo okhuthala kwambiri mopingasa m'ngodya, kuchoka pansi mpaka kusiling'i ngati n'kotheka, kuseri kwake kukhale mpata. Yambani ndi ngodya ziwiri zakutsogolo. Ngati sofa yakanika kuchoka kukhoma lakumbuyo, panelo yokhuthala kuseri kwa mutu ndiyofunika kuposa ina iliyonse. Khoma lakumbuyo likakhala patali, shelufu ya mabuku osalingana bwino imamwaza mawu m'malo mowameza, chipinda n'kukhalabe ndi moyo.

Za siponji ndiwonjezere chimodzi. Mu February 2003, m'nyumba yachisangalalo ya The Station ku West Warwick, m'chigawo cha Rhode Island ku America, siponji yomwe inamatidwa m'makoma pofuna kuchepetsa phokoso inagwira moto, ndipo anthu 100 anafa. Siponji ya matiresi kapena yolongedzera katundu imayaka msanga ndipo utsi wake ndi wakupha. Isapite pakhoma. Yanga ija ndinaimatula.

Mukamaliza kupachika mapanelo, bwerezani sitepe 5, chifukwa chipinda chasintha.

8. Tsekani mipata

Tafika tsopano pa za aneba ndi ana ogona chipinda chinacho. Pomwe mpweya ungadutse, mawu amadutsanso. Usiku zimitsani magetsi m'chipindamo, mnzanu aime panja ndi tochi aziunika m'mbali mwa chitseko. Paliponse pomwe kuwala kwalowa, phokoso limatulukira pomwepo.

Kampata kakang'ono kamawononga kwambiri. Chitseko cha mamita 2 ndi masentimita 80 chikakhala ndi mpata wa sentimita imodzi kunsi, mpatawo ndi theka la peresenti ya chitseko chonse. Komabe mwa samu wamba, chitseko chotero sichingachepetse phokoso kupyola 23 dB kapena cha pamenepo, ngakhale chikhale chachitsulo. Matani labala wotsekera m'mbali zonse za felemu, kunsi muike chotsekera chokhudza pansi, ndipo musaiwale kabowo ka kiyi. Chitseko chikamatsekeka movutirapo pang'ono, ndiye kuti labalayo wagwira.

Gogodani chitsekocho. Chikamveka chagweregwere, m'kati mulibe kanthu, ndipo chimenecho ndi ng'oma. Sinthani muike chathabwa lokhalokha, kapena khomererani bolodi lolemera pamwamba pake, mahinji muwonjezere. Kuposa zonsezi ndi zitseko ziwiri zotsatizana zokhala ndi mpata pakati.

Makatani satchinga phokoso la pamsewu, amangokonza m'kati. Pazenera tsekani kaye ming'alu ndi silikoni. Zikapanda kukwanira, ikani galasi lachiwiri m'kati, lotalikirana ndi loyambalo masentimita 10 kapena kuposa, losiyana nalo makhuthalidwe kuti asanjenjemere pa notsi imodzi. Ngati zeneralo simuligwiritsa ntchito poonera filimu, pangani chotsekera chochotseka: bolodi lolemera, rockwool kuseri kwake, labala m'mbali, zogwirira ziwiri. Yang'ananinso masoketi, mabowo a mapaipi ndi mpata wa pamwamba pa siling'i, poti khoma likalekera pasiling'i mawu amangolumphira chipinda chinacho.

Chipinda chotsekedwa chonchi chimatentha ndipo mpweya umatha. Siyani njira ya mpweya, koma ikhale yokhotakhota, yokutidwa m'kati ndi choyamwa mawu, osati bowo loongoka.

9. Makoma, ngati zafikadi pamenepo

Ili ndi gawo lodula, ndipo ambiri safunika kulifika. Kuwirikiza kulemera kwa khoma kumachepetsa phokoso ndi 5 kapena 6 dB basi, pomwe khutu limafuna pafupifupi 10 dB kuti linene kuti phokoso latsika ndi theka. Khoma lanjerwa ndi lolemera kale, choncho kulimatira bolodi limodzi sikusintha zambiri. Pakhoma lopepuka la mabolodi a gypsum, kuwonjezera bolodi lachiwiri ndi phala lozimitsa kunjenjemera pakati, monga Green Glue, kumathandiza ndithu.

Chopambana ndi kumanga khoma lachiwiri m'kati, loima palokha osakhudza loyambalo, rockwool m'mpatamo, mabolodi awiri kunja kwake, m'mbali monse motsekedwa bwino. Mpata ukakula, besi imatchingika bwinopo. Msomali uliwonse wolumikiza makoma awiriwo ndi mlatho wa phokoso, choncho mmisiri wanu amvetse cholinga asanayambe. Dziwaninso kuti besi imayenda m'simenti ya pansi ndi m'mitanda ya denga, moti khoma limodzi lokha silingaimalize. Ngati nyumbayo ndi ya lendi, lekerani pa sitepe 8.

10. Kayezereni kunja

Ikani gawo la filimu laphokoso kwambiri lomwe muli nalo, pa voliyumu yomwe mumakonda, mutseke chitseko mutuluke. Pitani kuchipinda chogona, panja pazenera, ndipo aneba akalola, m'nyumba mwawo. Mnzanu azitsitsa voliyumu pang'onopang'ono mukulankhulana pafoni, mpaka pomwe mabomba aleka kumveka. Lembani nambalayo.

Ampulifaya yoyezedwa bwino ikakhala pa 0 (pa maampulifaya omwe voliyumu imayambira pa manambala a minus n'kumakwera kulowera ku 0), sipika iliyonse imatha kufika 105 dB monga m'nyumba zoonetsera mafilimu, ndipo m'chipinda chaching'ono zimenezo n'zopweteka. Bungwe la NIOSH la ku America limaika malire a phokoso la kuntchito pa 85 dB kwa maola 8, ndipo 3 dB iliyonse yowonjezera imadula nthawiyo ndi theka. Usiku yatsani Night Mode kapena Dynamic Volume, yomwe imatsitsa zophulika n'kukweza manong'onong'o, mutsitsenso subwoofer yokha ndi 4 kapena 5 dB, sipika yapakati muikweze ndi 1 kapena 2.

Nambala yanga ya usiku ndinailemba pakatepi koyera n'kumata kuseri kwa rimoti, kuti aliyense woigwira aziiona. Ikakwana 9 koloko, voliyumu sipyola pamenepo.